Limitedi Alibe Mbuya

Tereza, Petulo, ndi iwe Juliyasi mzime wanga, mutu uno ndi umene ndakhala ndikuuzemba chipumire ntchito. Za ubwana wanga kwathu ku Chipata musandifunsenso, mulibe chachilendo mmenemo: ndinaweta ng'ombe, ndinakwapulidwa, ndinamaliza sekondale ndi ndalama za mtedza wa amayi. Pano ndikufuna kuyankha funso limene mwandifunsa aliyense panthawi yake, ine n'kumakukalipirani m'malo mokuyankhani. Mumafunsa kuti bwanji mdala wa ndodo uja wa tsidya la msewu, a Chileshe, amatumiza chimanga chake pa ngolo kukagayitsa kutali, kudutsa pakhomo penipeni pa chigayo chathu pano pa Chinyunyu. Munthu ameneyo anali mnzanga woposa m'bale. Chigayo chimene chinakuphunzitsani sukulu nonse atatu ndinachipulumutsa, iye n'kumutaya. Werengani mumve mmene zinayendera. Ndipo iwe Petulo, amene wayamba kulota minibasi uku ukulotanso golosale, uwerenge kawiri.

1965 mpaka 1969

Ndinalembedwa ntchito ku dipatimenti ya misewu mu 1965, ufulu ukadali wauwisi, mbendera yatsopano isanasuluke. Anandipatsa ukalaliki wa sitolo ku Lusaka: kusunga makiyi a dizilo, simenti, mapiki ndi mafosholo. Bwana wanga woyamba anali mzungu wotsalira wa nthawi yakale, amene anyamata ankamutcha Kaphulika. Ine ndi iye tinali atambala awiri m'khola limodzi. Tsiku lina ananditcha boyi pamaso pa madalaivala, ine n'kumuponyera makiyi kumapazi. Ndinati, "Boyi anapita ndi mbendera yanu ija. Tolani nokha." Kundichotsa ntchito sakanatha, nthawi inali itatembenuka, koma cholembera chinali chikadali m'manja mwake. Mwezi usanathe ndinapezeka ndili pamwamba pa lole ndi sutikesi yanga ya malata, ulendo wa ku kampu ya Rufunsa. Masiku amenewo kutumizidwa ku Rufunsa kunali chilango. Msewu waukulu wa kum'mawa unali fumbi m'chilimwe, matope m'dzinja, ndipo nyuzipepala inkafika nkhani zake zitakalamba.

Nditangotsika, fumbi ndisanasase, dalaivala wina wamtali, wa mano otalikirana, anakweza mphuno m'mwamba n'kuyamba kununkhiza ngati galu. Anati, "Bane, nimvela fungo ya mbeba. Kansi batitumizila wa ku Chipata? Bisani misampha, kapolo wanga wafika!" Kampu yonse inafa nalo phwete. Ine magazi anakwera. Ndinaika sutikesi pansi n'kukunga chibakera. Anandigwira mkono ndi mdala wina wa mtundu wa kuno wa Chisoli, mlonda wa pakampu, amene anati, "Mwana wanga, sunaonepo Mubemba? Uyu ni mbuya wako. Mutukwane, osamumenya." Za chimbuya ndinali nditamva kwathu, koma Mubemba wamoyo ndinali ndisanakumanepo naye. Ndinamuyang'ana dalaivala uja kuyambira kumapazi. Ndinati, "Ndiwe wamaliza anyani onse a m'mapiri muno? Ndaona m'njira monse mitengo ili zii." Anandikumbatira mpaka nthiti kulira. Ameneyo ndiye anali Chileshe.

Inu munakulira m'masukulu ogonera komweko, mwina chimbuya mumachiyesa nthabwala chabe. Si nthabwala. Makolo athu Angoni ndi Abemba anamenyana kalekale, ndipo mikondo itatopa anagwirizana kuti zotsalazo azimalizira pakamwa. Mbuya akakutukwana sukwiya. Akalowa m'khola mwako n'kugwira nkhuku sapempha, ndipo iwe sukamusumira kulikonse. Koma tsiku la maliro ndiye amagwira khasu, ndiye amanyamula bokosi, ndiye amakupaka ufa kumutu ndi kumaso mpaka useke misozi ili m'masaya. Ine amene ndinkayambana ndi aliyense, kuyambira folomani mpaka wophika tiyi, ndinapeza munthu mmodzi padziko amene ndikanamukalipira tsiku lonse, iye n'kumangosonkhezera moto akuseka.

1970 mpaka 1976

Mu 1970 ndinakwatira amayi anu, Agnesi, mwana wa akatekisi a ku Mpanshya amene anachokera ku Petauke. Pa ukwati Chileshe anaimirira n'kulengeza kuti iye monga mwini kapolo sanauzidwe kanthu, ndipo anachoka ndi mbuzi ya apongozi anga ataikoleka pamapewa. Palibe anamuletsa. Nayenso anali ndi mkazi wake, bana Mwila, ndipo akazi awiriwo anagwirizana kuposa ife amuna.

Amayi anga anabwera kudzakhala nafe atayamba kudwala, ndipo anamwalira mu 1974. Kwathu kunali kutali, achibale amene anafika anali ochepa. Ine ndinangokhala pansi pa mtengo ngati chitsa, osadya, osalira. Chileshe anasonkhanitsa Abemba onse a pakampu n'kukumba manda, dothi lili gwa ndi dzuwa la Okutobala. Bokosi litafika iye analumphira m'dzenjemo n'kukhala pansi. Anati, "Sinichoka muno. Aba bamayo bananilonjeza mbeba zonona, manje bafuna kuthaba. Bweletsa mbeba zanga, kapolo, olo tigone tonse." Atamunyengerera ndi nkhuku anatuluka, n'kutapa ufa m'thumba ndi manja awiri, n'kundikhuthulira pamutu. Ndinayera ngati mzukwa. Ndinaseka, ana anga. Pamanda a amayi anga ndinaseka, ndipo kuseka kuja ndi kumene kunatsegula misozi.

Nthawi imeneyo dziko linali litalowa m'chipani chimodzi, ndipo malamulo ankati wantchito wa boma asamachite bizinesi. Wolemba lamulolo sanafunse kuti malipiro anga ankatha mwezi uli pati. Chileshe anasiya ntchito mu 1975, ndipo boma litagulitsa magalimoto ake otha, tinasonkherana n'kugula lole imodzi. Mapepala onse analembedwa m'dzina lake, poti langa silikanaoneka. Pakati pa iye ndi ine panalibe pepala. Tinangogwirana chanza, iye n'kunena kuti, "Pakati na pakati. Ukanibela, nizakudya na mchele."

1977 mpaka 1981

Lole inabala chigayo. Amayi a ku Chinyunyu ankasinja pamtondo kapena kusenza chimanga ulendo wautali, choncho mu 1978 tinagula injini yakale ndi chigayo kwa mlimi wina amene ankasamuka, n'kuchimanga m'mbali mwa msewu, kufupi ndi akasupe a madzi otentha. Mabanja onse awiri tinamanga pompano, nyumba kuyang'anizana, msewu pakati. Ine ndinkagona ku kampu, Loweruka n'kubwera. Chigayo chinabala tiyirumu pamene mabasi ankaima, mmene amayi anu ndi bana Mwila ankagulitsa tiyi ndi vitumbuwa. Mabizinesi atatu, malaisensi onse dzina limodzi: Chileshe. Ufa wa pachigayo ankatapa mmene wafunira ndi chitini chake chopindika, inenso lole ndinkaituma ngati njinga yanga. Palibe ankafunsa mnzake.

Kenako zinthu zinayamba kusowa. Shuga, sopo, mafuta ophikira, mchere umene. Munthu ukaona mzere unkangoima kumbuyo, zofunsa kuti akugulitsa chiyani zinkabwera pambuyo. Tiyi wa mu tiyirumu ankatsekemera ndi uchi wa alenje a Chisoli. Kuntchito simenti inkafika pa pepala, pa lole ayi. Bwana wanga wa nthawi imeneyo anali munthu wakuda ngati ine, wokonda misonkhano ya chipani kuposa misewu, ndipo tinkamutcha Viva. Ankafuna dizilo wa gireda yosalaza msewu kuti athire m'malole onyamula anthu kupita ku msonkhano. Ndinakana, ndinakananso, kenako ndinamuuza pamaso pa anthu kuti gireda siyenda ndi nyimbo. Sanakalipe. Anandiyang'ana n'kufunsa mofatsa, "A Jere, chigayo cha ku Chinyunyu chija n'cha ndani kodi?" Ndinati n'cha Mubemba. Anati, "Mubemba wamwayi." Sabata yotsatira transifa ya ku Nyimba inali pa tebulo langa.

Zaka ziwiri ndinakhala ku Nyimba, banja nditalisiya kuno. Popita ndi pobwera ndinkakwera lole yathu, ndipo ndi mmene ndinaonera chimene chinandisowetsa mtendere. Tili pamwamba pa Manenekela, paja msewu umapindika ngati njoka phompho lili pambali, Chileshe anaimitsa lole, n'kutulutsa botolo la madzi a thovu, n'kuthira m'kathanki ka mabuleki. Ndinafunsa kuti n'chiyani. Anati, "Sopo na manzi. Mafuta ya mabuleki kulibe mu Lusaka yonse. Osadandaula, kapolo, sopo iyi ni yodula kuchila mafuta, nakulemekeza." Pamwamba pa matumba a feteleza panali anthu, amayi ena ana ali kumsana, amene ankawanyamula poti mabasi analinso osowa. Ndinamutukwana kuchokera pamwamba pa phiri mpaka pansi, ndipo ulendo umenewo sizinali za chimbuya. Iye ankangoimba nyimbo ya kwawo, phazi likupopa buleki.

1982

Viva atakwezedwa n'kupita, anandibweza ku Rufunsa. Chinthu choyamba ndinapita ku Lusaka kukaonana ndi a Sakala, amene tinaphunzira limodzi ku sekondale, iwo n'kupitirira mpaka kukhala loya. Chileshe ndinamukoka kuti tipite tonse. A Sakala anamvetsera, n'kuvula magalasi. Anati, "Mmene zilili pano, lole, chigayo ndi tiyirumu ndi thumba limodzi, ndipo thumbalo ndi bambo awa. Lole ikapha munthu, khoti silidzafunsa kuti chigayo chinalakwa chiyani. Lidzatenga zonse, ndi malata a nyumba yawo omwe. Bambowa akamwalira, abale awo a ku Kasama adzabwera kudzatenga za m'bale wawo, inu a Jere mulibe polozera." Kenako anatiyalira njira. Kopaletivu, imene boma linkaikonda, inkafuna gulu la anthu, ndipo ine ndinadziwiratu kuti m'gulumo atcheyamani a chipani adzakhalamo ndi alamu awo. Kampani imodzi ya zonse zitatu ikanateteza nyumba zathu, koma lole ikanathabe kumiza chigayo. Njira imene iwo anaiyamikira inali ya makampani awiri, ina ya lole, ina ya chigayo ndi tiyirumu, ndipo m'kampani iliyonse masheya pakati ndi pakati, theka Chileshe, theka amayi anu, poti dzina langa linali loletsedwa.

Chileshe anafunsa, "Manje iyi kampani ni chinthu bwanji?" A Sakala anati pamaso pa lamulo kampani ndi munthu payekha: ali ndi dzina lake lothera ndi mawu akuti Limitedi, katundu wake, ndi milandu yake. Chileshe anaseka mpaka kugwira tebulo. "Munthu? Ni mutundu bwanji uyu Limitedi? Ni Mungoni olo Mubemba? Kwao ni kuti? Akafa, azamukumbila manda nindani?" A Sakala anamwetulira mwaulemu. Ine sindinaseke.

Masabata otsatira ndinamuchonderera Chileshe, chinthu chimene sindichita kwa munthu. Yankho lake linali limodzi: "Mbuya sasaina na mbuya. Nikasaina ndiye kuti nakuyopa ati uzanibela. Nanga kapolo angabele mfumu yake?" Apa ndi pamene chimbuya chinatilaka. Ndi mbuya wako chilichonse chimasanduka masewera. Ndikakweza mawu ankayesa ndi zathu za masiku onse, ndikatsitsa ankati mchira wa mbewa wandikhala pakhosi. Panalibe khomo lolowera ndi nkhani yeniyeni. Amayi anu anati, "Atate a Tereza, musiyeni kaye, ndilankhule ndi bana Mwila, mkazi amadziwa pomugwira mwamuna wake." Ndinati mabuleki sadikira akazi.

Zinaphulika masana ena pachigayo, injini itazima, amayi ali pamzere ndi madengu awo. Chileshe anali atangofika ndi lole kuchokera ku Luangwa, tayala lina ataliika chigamba chomanga ndi mabawuti. Nditaliona tayalalo mutu unazungulira. Ndinati, "Chileshe, lole yako idzapha munthu. Ikadzapha, sindifuna idye chigayo cha ana anga. Ngati susaina, tigawane lero. Sankha." Anandiyang'ana kanthawi, kumwetulira kukadali pakamwa koma m'maso mutazima. Anati, "Lole yanga? Mailo, dzulo lomweli, inali yathu." Kenako anatembenukira amayi a pamzere, n'kukweza mawu kuti aseke: "Nitenga lole. Chigayo ni cha bakazi na bakapolo." Ndikuuzeni mosabisa, masiku amenewo lole ndi imene inkabweretsa zambiri. Sindinamubere. Aliyense pamzere paja akanati Mubemba wapambana.

Moyo wake wonse anasaina nane pepala limodzi lokha, lochotsa chigayo m'dzina lake. Chinakhala kampani, masheya amayi anu ndi mlongo wawo, amalume anu a Simoni, amene ndinawaika kuyang'anira. Tiyirumu ndinafuna ilowenso momwemo, koma amayi anu anakana. Anati, "Mwagawana zanu, zathu zisiyeni. Za ine ndi bana Mwila musalowererepo." Inatsala m'dzina la Chileshe, pamodzi ndi lole.

Pasanapite nthawi Chileshe anabwera ndi chitini chake monga kale, n'kulowa, n'kutapa ufa m'thumba la pakona. A Simoni, munthu wamantha ndi wokonda malamulo, anati, "Ba Chileshe, pepani, manje chilichonse chochoka muno chifunika lisiti. Ni va kampani." Akuti Chileshe anaima, n'kubwezera ufa uja m'thumba pang'onopang'ono, n'kugogoda chitini kuti musatsale kanthu. "Pepani," anatero, "nenze naibala ati mwine wake ni Limitedi. Uja alibe mbuya." Loweruka nditamva ndinawakalipira amalume anu mpaka analira, n'kusenza thumba lathunthu kuwoloka nalo msewu. Chileshe analandira, ananditukwana bwinobwino, tinamwa mowa. Koma m'chigayo sanalowemonso.

1984 ndi 1985

Zimene ndinanena zinachitika m'nyengo yokolola ya 1984. Mabuleki anakana pa Manenekela. Lole inagubuduka, mayi wina amene anakwera pamwamba pa katundu anafa, ena anavulala, katundu wa eni ake anamwazika m'phompho. Chileshe anthu anamusolola m'lolemo mwendo utaphwanyika. Ku chipatala cha ku Mpanshya anamupulumutsa moyo, koma mwendo sunawongokenso. A inshuwalansi anakana kulipira, anati lole ya katundu sinali yonyamula anthu. Mlandu unakoka mpaka chaka chotsatira, ndipo utatha anabwera anthu a khoti olanda katundu. Anatenga ng'ombe zake, njinga, n'kukwera padenga kuzula malata. Anapita ku tiyirumu n'kunyamula mabenchi, maketulo, mbaula ndi makapu omwe, amayi anu ndi bana Mwila ataima panja atagwirana manja. Kenako anafika pachigayo, poti m'mudzi monse chinkatchedwabe cha Chileshe. Ine ndinali nditapempha tchuthi kuti ndiwadikire. Ndinaima pakhomo, amayi anu n'kuwaonetsa setifiketi ya kampani. Mkulu wawo anawerenga, n'kubweza, n'kunena kuti, "Apa tilibe nazo ntchito." Injini sinazime n'komwe.

Sindinama, mtima unadumpha ndi chimwemwe. Pepala linagwira ntchito yake ndendende monga a Sakala ananenera. Chimwemwecho chinatha nditatembenuka n'kuona tsidya la msewu nyumba ya Chileshe ili yasa, yopanda denga, iye atakhala pampando panja, ndodo ili pamiyendo, akuyang'ana kuno.

Ndinawoloka msewu tsiku lomwelo. Ndinali nditagwirizana kale ndi amayi anu kuti masheya a amalume anu apite kwa bana Mwila, theka la chigayo libwerere kwawo khoti osalikhudza. Ndinamufotokozera. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, chinthu chimene anali asanachitepo. Anati, "Munaona patali, ba Jere." Chiyambire tsiku la sutikesi lija anali asananditchulepo dzina limenelo. Ndinati, "Iwe nyani, leka zimenezo, tenga zako." Anati, "Mbuya sapasiwa, ba Jere. Mbuya atenga. Manje kuja kulibe vanga votenga." Ndinapsa mtima. Ndinamutukwana zonse zimene ndinkadziwa, za anyani, za umbava wa kwawo, za agogo ake amene anathawa mikondo yathu, ndikudikira kuti abweze ngakhale liwu limodzi la mbewa. Anangoti, "Zikomo mukwai. Muyende bwino." Mukwai ndi mawu aulemu a Chibemba. Amauza bwana kapena mlendo.

Ndinatumiza malata, anabwezedwa. Ndinatumiza ufa, unabwezedwa. Anafolera ndi udzu, n'kuyamba kukonza njinga ndi mapampu pansi pa mtengo wa pakhomo pake. Akazi awiri aja ankakumanabe kutchalitchi ndi kumadzi, koma tiyirumu sinatsegulidwenso.

1990

Za imfa ya amayi anu mukuzidziwa, munalipo. Inu munaona khamu, makwaya a ku Mpanshya ndi malole a kuntchito kwanga. Ine ndinkayang'ana msewu. Ufa unalipo matumba, wogayidwa pachigayo chathu chomwe, wodyetsa anthu a pamaliro. Abemba ena, aphunzitsi ndi anamwino, anachita mwambo wawo. Anakupaka iwe Petulo ndi azakhali anu, anthu anasekako pang'ono. Ine anandilambalala. Ankadziwa kuti mutu wanga uli ndi mwini wake, ndipo ankadikira iye.

Anafika dzuwa litakwera, akutsimphina ndi ndodo yake, atavala jekete, bana Mwila ali pambuyo akulira mnzawo mokweza. Anthu anapatuka. Thumba la ufa linali pafupi ndi mwendo wanga, lotsegula, ndipo ndinali nditalikokera ndekha pamenepo. Anaima patsogolo panga. Ndinavula chipewa n'kuweramitsa mutu. Ndinadikira. Ndinangomva dzanja lake likugwira langa, louma, laukhondo, lopanda ufa. "Pepani mukwai," anatero. "Benze bamayo babwino." Anakakhala pakati pa madoda, anatsagana nafe kumanda, anaponya dothi lake, n'kubwerera kwawo. Anachita zonse zimene mnansi wabwino amachita. Tsiku limenelo ndinaika mkazi wanga mutu wanga uli wakuda bii, ndipo misozi sinatuluke. Inakhala m'chifuwa, ndipo mwina ndiyo imene mwakhala mukuimva m'mawu anga zaka zonsezi.

Lero

Ndinapuma ntchito chaka chotsatira, chipani chimodzi chikutha. Lamulo silindiletsanso, dzina langa lili pa kampani, ndipo chigayo chikulira pamene ndikulemba pano. Petulo, ukandifunsa ngati minibasi ndi golosale zikhale thumba limodzi, yankho ndi ayi. Galimoto imapha, sitolo siipha. Uzilekanitse, ndipo ngati uli ndi mnzako, dzina lake likhale pa mapepala onse awiri ngakhale umukokere ku Lusaka pa khutu. A Sakala sananame, ndipo amene akuti ndinalakwa kuteteza sukulu yanu abwere andiuze pamaso. Ndikanasiya zinthu mmene zinalili, bwenzi tonse awiri tikukonza njinga pansi pa mtengo umodzi. Koma pali masiku, ana anga, pamene ndimauyang'ana mtengo umenewo tsidya la msewu, n'kumva mdala uja akutukwana Mngoni wina wobwera ndi njinga yophulika tayala, onse akuseka, ndipo ndimaona kuti mthunzi wake ukanakwana anthu awiri.

Tsono mverani, ndipo ili si pempho. Ndikadzafa, asanamve wansembe, asanamve a ku Chipata, mmodzi wa inu awoloke msewu akamuuze Chileshe kuti kapolo wake wathawa. Munene mawu amenewo, osasintha, osawonjezera ulemu. Mukatenge thumba la ufa pachigayo, mulilipire ndi ndalama za m'jekete mwanga kuti lichoke m'manja mwa Limitedi likhale la Jere, ndipo mulisiye pakhomo lili lotsegula. Musamupatse. Musamulozere n'komwe. Akatapa, ngakhale atakuyeretsani nonse atatu ndi bokosi langa lomwe, aliyense atseke pakamwa. Ndipo amalume anu a Simoni muwakhazike kutali.